Katoni ya mphatso ikafika pa malire

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene ife onyamula katundu wa abale okhala kunja timangokhalira kulimbana ndi a msonkho, chikhalirecho m'makatonimo ndi mphatso zokhazokha. Mawu akuti "mphatso" omwewo ndi amene amatiputira mlandu.

Ndimatolera makatoni a anthu mwina 40, aliyense alembe zomwe waikamo, ine n'kuphatikiza zonse pa chikalata chimodzi n'kusaina. Ndikangosaina, pamaso pa a kasitomu katundu yenseyo ndi wanga. Wina akabisa mafoni m'bulangete n'kulemba kuti "zovala zakale", wogwidwa ndine, ndipo galimoto yonse imaima pamodzi ndi makatoni a osalakwa.

Zinandionekera ulendo wina. Mayi wina anaika nsapato mapeyala 30, zonse saizi imodzi, akuti za ana ake. Ofisala anazindandalika pa tebulo mwakachetechete, kenako n'kundifunsa ngati mayiwo anabereka ana 30 a phazi limodzi. Ndinasowa chonena. Kunena zoona sanalakwe: zimenezo ndi malonda, ndipo malonda amalipira msonkho.

Mkangano wina ndi wa mtengo. M'maiko ambiri amawerengera msonkho pa mtengo wogulira katunduyo, kuwonjezapo ya mayendedwe ndi inshuwalansi. Lisiti ikasowa, ofisala amaika mtengo wakewake, ndipo sakhala wokomera inu ayi.

Musaganize kuti ndi ife tokha. Anthu a ku Philippines ogwira ntchito kunja amatumiza kwawo makatoni otchedwa balikbayan. Mu 2015 a kasitomu kumeneko atalengeza kuti ayamba kuwatsegula mwachisawawa, anthu anakwiya mpaka Pulezidenti Benigno Aquino analetsa. Lamulo la 2016 linadula malire: katundu wa pakhomo wosapitirira mapeso 150,000 alowe ulere, osaposa katatu pa chaka, ndipo asakhale wochuluka ngati wogulitsa. Ku European Union nako, kuyambira pa 1 July 2021 anachotsa mwayi woti katundu wogulidwa kunja wosapitirira ma euro 22 asalipire VAT.

Masiku ano katoni iliyonse ndimaitsegula mwini wake ali pomwepo, ndijambule, kenako ndimange ndekha. Ena amanyanyala n'kupita kwa anzanga osafunsa mafunso. Mayi a nsapato aja adakali kundikwiyira, poti ndinawauza kuti andibwezere ya chindapusa.