Filimu yanuyo itulutseni msanga, koma tsiku limodzi konsekonse

Achimwene amene mwafunsa za filimu ya Chichewa imene mwajambula ndi anzanu ku Epworth kufupi ndi Harare, kuti muigulitse pompano motchipa kapena muyambe mwaionetsa m'maholo miyezi 6 kuopa okopa, mayankho onse ndawerenga, ambiri akuti ibiseni kaye. Ine ndikuti itulutseni msanga komanso motchipa, koma pali kachitidwe kake ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Ndiyambe ndi za R5 zimene achemwali ena atchula kuti ngakhale a Hollywood anayesa kutulutsa ma DVD msanga motchipa zinawakanika. Kuyesa anayesadi, koma timvetse chimene chinachitika. Ma DVD aja anagawidwa m'zigawo, America ndi Canada chigawo 1, Japan, South Africa ndi mayiko ambiri a ku Ulaya chigawo 2, ife kuno Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique anatiika chigawo 5 pamodzi ndi Russia ndi India. Cholinga chinali choti chimbale cha chigawo china chisasewere pa makina anu, kuti eni filimu azisankha okha tsiku ndi mtengo wa dera lililonse. Nthawi imeneyo filimu ikatuluka ku sinema pankapita miyezi ingapo isanafike pa DVD, ndiye ku Russia anthu sankadikira, msika unkakhala utadzaza kale ndi zimbale zojambulidwa ndi kamera musinema momwemo, zija mumaona mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo wina akutsokomola. Ndiye m'zaka za m'ma 2000 makampani aja anati basi titulutse yathu yeniyeni patangopita masabata ochepa, yotchipa, yopanda zokometsera, chithunzi chongosamutsidwa mwachangu osachikonza bwinobwino. Imeneyo ndiye R5.

Pamene zinawathawira ndi apa. Chimbale chogulidwa ku Moscow sichinkakhalitsa chisanakwere pa intaneti, ndipo poti zambiri zinali ndi mawu a Chirasha okha, okopa ankatenga mawu a Chingerezi ojambulidwa ku sinema n'kuwalumikiza, amene munkadawuniloda mukukumbukira zija zolembedwa R5 LiNE. Ndiye munthu wa ku London kapena New York, kumene DVD inali isanatuluke, ankapeza chithunzi chooneka bwino kwaulere. Chinawapweteka si kutchipa ayi, koma kukhala ndi masiku awiri otulutsira ndi mitengo iwiri pa filimu imodzi. Komanso onani, ife tinali chigawo 5 chomwecho koma ine R5 yeniyeni sindinaionepo m'shopu muno mu Harare, zimene zinkatifika ndi zokopa za zokopa pa Copacabana ndi ku Mbare Musika, dola imodzi zimbale ziwiri, zina mafilimu 8 m'chimbale chimodzi. Anthu ankafuna kuonera, wogulitsa yeniyeni pamtengo umene tikanakwanitsa panalibe, ndiye mpatawo anautenga ndani?

Kumene anachita bwino ndi ku India. Kampani ya Moser Baer, imene ntchito yake inali kupanga zimbale zopanda kanthu, cha m'ma 2007 inagula ufulu wa mafilimu masauzande n'kumagulitsa VCD pa marupi 28 ndi DVD pa marupi 34, yosakwana ndi dola yomwe, mpaka m'timashopu ting'onoting'ono. Munthu akaona yeniyeni ndi yokopa mtengo wofanana, amatenga yeniyeni, palibe amakonda chimbale chodumphadumpha. Ku Nigeria nako, Living in Bondage ya 1992 imene Kenneth Nnebue anaika ndalama zake inapita pa kaseti ya VHS mwachindunji osadzera ku sinema, ndipo malonda a Nollywood anakulira pamenepo, amalonda a ku Idumota ku Lagos, ku Onitsha ndi ku Aba kumwaza makope ambirimbiri nthawi imodzi kuti ndalama ibwerere okopa asanadzuke. Okopa sanathe ayi, mpaka lero akulira nawo, koma mafilimu ankapangidwabe chifukwa ndalama yoyamba inkalowa kwa eni ake. Ngakhale kampani ya mafilimu ya Universal ya ku America mu 2020 inagwirizana ndi AMC, kampani ya masinema, kuti filimu itha kupita m'makomo patatha masiku 17 okha ili ku sinema, pamene kale ankadikira pafupifupi masiku 90.

Tsopano za inuyo. Miyezi 6 imeneyo mukuganiza kuti filimu ikhala yotetezeka kuti? Mafilimu athuwa sabedwa ndi mlendo, amatulukira pa laputopu ya amene akuedita, kapena wosewera wina wapempha kakope kuti akaonetse mayi ake, mawa yafika pa WhatsApp, mkuja ili pa Telegram. Muholo namo aliyense ali ndi foni m'thumba. Ndiye ngati mukufuna holo, pangani lonchi usiku umodzi kapena wikendi imodzi, anthu alipire pakhomo, ndipo pakhomo pomwepo pakhale tebulo la zimbale ndi woikira anthu pa fulashi ndi memori khadi, mtengo dola imodzi, EcoCash ikhalepo. Tsiku lisanafike pasapezeke munthu woposa mmodzi wosunga filimu yathunthu, osewera apirire, muwauze bwinobwino kuti ndi ndalama zawo zomwe mukuteteza.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi cha kumudzi. Inu muli ndi misika iwiri ngati a Hollywood aja, wa kuno kwa ife a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Dzivaresekwa ndi m'mafamu, ndi wina waukulu kwambiri ku Malawi, osaiwala abale a ku Joni. Mukangotulutsa kuno kokha n'kunena kuti ku Blantyre mwezi wamawa, basi yodutsa pa Nyamapanda ndi Tete ikafikitsa fulashi ku Limbe inu musanawerenge n'komwe ndalama za lonchi, ndipo anyamata obena ku Ndirande ndi a mavidiyo sho adzakhala atatha nayo mukamafika. Pezani m'bale wodalirika ku Blantyre ndi wina ku Lilongwe, tsiku likhale limodzi, mtengo wa kumeneko ukhale wa m'makwacha umene munthu wa kabaza angakwanitse.

Mavenda musawatenge ngati adani onse. Kukopa ntchito ya munthu ndi kuba, pamenepo sindinyengerera, zimandiwawa kuona munthu wagulitsa mbuzi zake, wabwereka kamera, osewera agona ndi njala pa seti, kenako wina amene sanatuluke thukuta ndi amene akudyerera. Koma mnyamata wa pamsewu uja akungofuna ya chakudya cha ana, mukamupatsa makope anu enieni pamtengo wopikulitsa, iye n'kupezapo kenakake, alibenso chifukwa chokabena. Malamulo alipo, kuno Copyright and Neighbouring Rights Act, kumudzi lamulo la 2016 ndipo COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso ku Malawi, iliko, kalembetseni ndithu ntchito yanu, koma kuthamangitsana ndi venda aliyense kupolisi kudzakudyerani ndalama zoposa zimene filimu ingabweretse.

China, yendani m'mashopu ndi kwa a mabasi ndi otumiza katundu kumudzi, alipire kuti dzina lawo lioneke mufilimu, ndalama imeneyo mwalandira kale ngakhale filimu ikopedwe kambirimbiri, ndiponso kwa iwo ikafalikira kwambiri ndi pamene akondwa. Pakatha masabata angapo malonda akayamba kuzizira, ikwezeni nokha pa YouTube pa chanelo chanu wina asanakuyambirireni, ndipo muikepo mawu apansi a Chishona, ana athu ambiri obadwira kuno Chichewa amangomva pang'onopang'ono, komanso aneba athu agula nawo.

Mukakonza tsiku mutiuze muno mugulu nthawi ikadalipo kuti tiuzane kumatchalitchi ndi ku mabungwe a maliro, ine nditenga makope angapo ndikagulitse kwathu ku Mufakose.