Kwa mayi amene mwana wawo akuphunzira za mahotelo

Mayi, mwafunsa kuti mwana wanu amene wayamba maphunziro ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre alimbikire chiyani kuti adzapeze ntchito kuno ku Salima n'kukhalitsapo. Anzanga ayankha kale kuti Chingerezi ndi nsangala. Sindikutsutsa, koma ndiwonjezereko monga munthu wogwira ntchito imeneyi ku Senga Bay.

Ayambe wadziwa mlendo amene adzamulandire. Ana ambiri amachoka kusukulu akuganiza kuti azidzatumikira azungu okhaokha. Kuno si choncho. Mahotelo athu a m'mbali mwa nyanja amadalira kwambiri misonkhano ya anthu a m'boma ndi a mabungwe, ochokera ku Lilongwe pamsewu wa M14, ndipo Loweruka timalandira mabanja ndi maukwati. Mlendo wathu wamkulu ndi Mmalawi mnzathu. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona mnyamata akuthamangira tebulo la mzungu, pamene bambo amene afika kalekale angokhala, ngakhale madzi osamba m'manja sanapatsidwe. Mwina bambo avala masilipasiwo ndi amene asainire ndalama za anthu 60, ndipo akakhumudwa msonkhano wa chaka chamawa aupititsa ku Mangochi.

Ntchito ya msonkhano imafuna maso akutsogolo. Nthawi ya tiyi ikakwana anthu onse amatuluka pamodzi, ndipo ali ndi mphindi zochepa. Wodziwa ntchito amakhala atawerengeratu makapu, wadzaza mafulasiki, waika shuga mbali zonse ziwiri za tebulo kuti mzere usatalike, wafunsiratu kuti amene sadya nkhumba ndi angati, poti kuno ndi ku Nkhotakota Asilamu ndi ambiri. Magetsi akazima amadziwa woti amuitane kuti jenereta ilire. Zoterezi amaziphunzira ataima pafupi ndi munthu wakale pantchito, ndiye akadzapita kokayeserera ntchito asakane kuchapa mbale kapena kuyala mabedi. Amene anayalapo bedi ndi manja ake sanamizidwa akadzakhala woyang'anira.

China chimene ana amachipeputsa ndi masamu. Mu bala timawerenga mabotolo m'mawa ndi usiku, ndipo zikasiyana ndi zimene zalembedwa mlandu umagwera amene anali pantchito. Ambiri ntchito imawathera pamenepa, ena osaba n'komwe, kungolephera kulemba. Azitha kutsimikizira ndalama ya Airtel Money kapena TNM Mpamba asanapereke risiti, azitha Excel (pulogalamu yowerengetsera pakompyuta), komanso aziyankha uthenga wa pa WhatsApp mwaulemu ndi msanga, chifukwa ofuna chipinda ambiri amayambira kumeneko.

Ngati mtima wake uli kukhitchini, ukhondo usakhale wapapepala. Kuno kumatentha, nsomba sichedwa kuwonongeka. Azidziwa chambo chabwino poona maso owala ndi mnofu umene ukaudina ndi chala umabwerera, ndipo firiji ikazima usiku anene, asangophika.

Ndithere pa chimene ndimachikonda kwambiri, kudziwa kwathu. Mlendo akafunsa kuti mawa apite kuti, yankho loti "kaya" limachititsa manyazi. Azitha kunena za Kuti Wildlife Reserve, pafupi pompano, ndi za zilumba za Maleri zimene zili m'gulu la Lake Malawi National Park, paki imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna ndi nsomba zina. Azifotokoza kuti nkhalango ya Nkhotakota ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira zinyama la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete. Azichenjezanso alendo kuti miyezi yozizira mwera umavundula nyanja, boti silingonyamuka chifukwa munthu walipira.

Koma mayi, inunso mukonzekere. Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka ndi masiku amene ife timagwira ntchito mpaka usiku, ndipo malipiro oyambira ndi ochepa. Mumuuziretu zimenezi panopa, ndipo tchuthi chikubwerachi mumutumize adzapemphe malo oyeserera pa loji iliyonse ya kuno, ngakhale yaing'ono, kuti adzaone yekha Disembala wa ku Senga Bay.