Yankho kwa achemwali ofunsa za Fielder

Achemwali, mwafunsa ngati Toyota Corolla Fielder ingakwanire banja la anthu asanu lomwe limapitapita kumudzi, komanso ngati kuli bwino kuitanitsa ya hybrid (yoyendera petulo ndi batire) kapena ya petulo yekha. Ambiri muno angoti "tengani, ndi yabwino", koma Fielder zilipo zamitundu ingapo ndipo sizifanana.

Musanatumize ndalama, funsani nambala ya chassis. Ikayamba ndi NZE141, imeneyo ndi ya pakati pa 2006 ndi 2012. NZE161 ndi ya mtundu umene unayamba mu 2012, pomwe NKE165 ndiyo hybrid, yomwe inabwera mu 2013. Yakaleyo ndi yotalikirako pang'ono ndipo thanki yake imalowa malita 50. Ya 161 imalowa 42, ya hybrid 36 basi. Tikakumbuka mizere ya pamafilingi siteshoni mafuta akasowa, kukula kwa thanki si nkhani yaing'ono. M'lifupi zonse sizifika mamita 1.7, chifukwa ku Japan galimoto zing'onozing'ono zili ndi malire amenewo. Ndiye ana atatu kumbuyo amakhala bwinobwino, koma akuluakulu atatu athupi, kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu, adzafika atakwiyirana.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya petulo ya injini ya malita 1.5, ya chassis yoyamba ndi NZE. Injini yake, 1NZ-FE, ndi yomweyo ili mu Probox, Axio ndi Sienta zakale, choncho makaniko aliyense amaidziwa, masipeya ali mbwee ku Malangalanga ndi ku Limbe. Tayimingi yake imayendera tcheni osati lamba, ndiye palibe zoti lamba wa tayimingi waduka muli pakati pa ulendo. Ilipo ya 1.8 yamphamvu, koma dziwani kuti a MRA powerengera msonkho amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto.

Hybrid imamwa mafuta pang'ono ndithu, makamaka mutauni. Koma batire yake ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa m'galimoto momwemo. Fumbi la mu Okutobala likatseka pamenepo batire imatentha nkuyamba kufooka, ndipo mtengo wa ina ndi wosayamba.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa katundu. Buti ya Fielder ndi yotakasuka, mipando yakumbuyo imapindika mbali imodzi kapena zonse ziwiri, pansi nkukhala pafupifupi see. Kutakasuka komweko ndi kumene kumanyenga anthu. Munthu akaona malo akadalipo amangoonjeza matumba a chimanga, asanu, asanu ndi limodzi, anthu ali momwemo. Galimotoyi ndi yotsika, mpata wake kuchokera pansi ndi masentimita 15 kapena 16 okha. Mukaisenzetsa chonchi, kumbuyo kumakhala pansi, pahampu iliyonse mumamva khwee, mashoko osachedwa kutha. Matumba awiri ndi zikwama, banja lili mkati, pamenepo zakwana. Ngati msewu wakwanu umaterera nthawi ya dzinja, ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ilipo, NZE144 kapena NZE164, koma siitalikirapo kuchokera pansi. Imathandiza poterera, osati pamiyala.

Ma Fielder ambiri amabwera ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT. Imeneyi imafuna oyilo wakewake, TC kapena FE molingana ndi chaka chake. Wina akakuuzani kuti ATF, oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki, amalowa, tulutsani galimoto pagalaja pomwepo.

Ikafika kudzera ku Dar es Salaam nkulowa pa Songwe, tsegulani pansi pa buti muone ngati muli sipeya tayala, chifukwa zina zimangobwera ndi kabotolo komatira ndi kapampu. Wailesinso musadabwe ikamakana mawayilesi ena akuno. Ya ku Japan yakale imalekera pa 90 FM, mpaka amisiri a zamagetsi ayikemo kachipangizo kotchedwa expander.