Bwanji amabwezera nsomba m'madzi? Yankho kwa achimwene a ku Southampton

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene angofika kumene ku Southampton. Akuti akuyenda m'mbali mwa mtsinje anaona bambo wina atakola nsomba yooneka bwino, n'kuiyeza pasikelo, n'kuijambula, kenaka n'kuibwezera m'madzi. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi phindu lake n'chiyani? Nanga ine nditakawedza, ndingatenge nsombazo kukaphika?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi limene lingakugwetseni m'mavuto. Kuno ku England aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo amayenera kukhala ndi laisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, asanaponye mbedza mumtsinje, ndipo akakupezani mulibe, chindapusa chimatha kufika £2,500. Laisensiyo payokha siikwanira, chifukwa magombe ambiri ali ndi eni ake kapena makalabu a owedza, ndiye mumagulanso tikiti ya tsikulo. Kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni saloleza kuwedza nsomba ngati imene munaionayo m'mitsinje kuti ziswane, monga mmene a Makanjira amatsekera chilumba cha Mbenji ku Salima nthawi ya mvula. Nsomba imene munaionayo, mmene mwaifotokozera, yasiliva, zipsepse zofiira, maso ofiirira, ndi roach. Ikaposa masentimita 20 simuloledwa kuitenga mumtsinje, ndipo makalabu ambiri amaletsa ngakhale ting'onoting'ono tomwe.

Funso loyambalo ndikuyankhani ndi tsiku limodzi la mu Febuluwale. Ndili ndi mnzanga wakale, mzungu, tinagwira limodzi ntchito kudepoti ya mabasi asanapume. Panopa zaka zapitirira 70 ndipo ine ndimangowatcha madala. Tinapita ku mtsinje wa Avon, kufupi ndi Fordingbridge. Kunali kutagwa mvula masiku awiri, madzi atasanduka ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, kumwamba kuli mitambo, mphepo yosazizira kwambiri. Madala atangoona madziwo anagwedeza mutu nati, "Lero ndiye lero." Roach zazikulu zimaopa kuwala, madzi akayera mbee zimabisala.

Nyambo yathu inali buledi wamba wa m'sitolo. Umabudula kachidutswa ka mkati, n'kutsina mbali imodzi pambedza, mbali inayo n'kuisiya yofewa kuti ifufume m'madzi. Mbedza yake ndi yaing'ono kuposa chikhadabo cha chala chakumapeto, ulusi wake wowonda ngati tsitsi. Zala za madala masiku ano zimanjenjemera, moti mbedza ndimawamangira ndine, iwo akundiyang'anitsitsa ngati mmene ankachitira pondiphunzitsa mfundo yomweyo zaka zapitazo. Kenaka umaponya kachoyandama n'kukalola kutsetsereka ndi madzi, ukuwaza buledi wonyowetsa pang'onopang'ono kuti nsomba zisonkhane.

M'mawa tinakola tinsomba tingapo, kenaka zii. Maola anayi osagwedezeka kalikonse. Tinamwa tiyi wa m'fulasiki, tinakumbutsana anzathu akudepoti amene anatisiya, ndipo nthawi yaitali tinangokhala chete, aliyense maso pamadzi. Ndi munthu amene mwadziwana naye kalekale yekha amene mungakhale naye chete chotero popanda wina kuganiza kuti walakwiridwa.

Chakumadzulo, kuwala kukuthera, kachoyandama ka madala kanamira pang'onopang'ono, osati mothamanga ngati mmene timachitira tiana. Ndodo inapindika, nsomba ikugunda pansi. Ine ndinagwada ndi kaukonde ka mpini, mtima uli phaphapha, chifukwa mlomo wa roach ndi wofewa ndipo mbedza imatha kusomoka pomaliza penipeni. Italowa, tinaiona bwino: msana wobiriwira moderako, mamba onse athunthu, zipsepse ngati zoviika mu utoto. Sikelo inati mapaundi 1 ndi maaunsi 14 (paundi imodzi ndi maaunsi 16). Kwa owedza kuno, roach ya mapaundi 2, pafupifupi magalamu 900, ndiyo imene munthu amailakalaka moyo wake wonse, ndipo ambiri amakalamba osaigwirapo. Madala pa zaka zawo zonse anagwirapo zitatu zokha. Yaikulu kwambiri yomwe inadziwika mumtsinje anaikola Ray Clarke mumtsinje wa Stour ku Dorset mu 1990, yolemera mapaundi 4 ndi maaunsi 3. Yathuyi inaperewera maaunsi awiri kuti ikwane mapaundi 2, koma madala anangoti, "Chaka chamawa ikwana." Ananyowetsa manja, anaigwira m'madzi mutu utaloza kumene madzi akuchokera mpaka inapeza mphamvu, n'kuitaya.

Apa ndi pamene pagona nkhani, achimwene. Roach imakula mochedwa, ndipo ya msinkhu umenewo imakhala ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Zazikuluzo ndizo zimaikira mazira ambiri. Mu Avon momwemo roach zinatsala pang'ono kutha, mwa zina chifukwa cha mbalame zakuda zodumphira m'madzi zotchedwa cormorant, mpaka owedza awiri, Trevor Harrop ndi Budgie Price, anayambitsa Avon Roach Project. Ankaika m'madzi matabwa okhala ndi ukonde kuti nsomba ziikirepo mazira, kukaswetsa mazirawo m'matanki, kulera tinsombato mpaka titalimba, kenaka n'kutibwezera mumtsinje. Munthu akadziwa thukuta limenelo sangaike nsomba yotere mumphika kuti ithe pa nsima imodzi.

Sindikunena kuti ife akwathu timalakwa. Kwathu nsomba ndi ndiwo, ndipo bambo amene amadzuka m'bandakucha kukawedza ku Shire amapita chifukwa ana akudikira. Sindinganenenso kuti nsomba yokoledwa siivutika. N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona wina akuigoneka pamiyala youma kapena kuichedwetsa panja pofuna zithunzi.

Ngati chimene mukufuna ndi ndiwo, muli pabwino: kuwedza ndi ndodo m'nyanja yamchere sikufuna laisensi, ndipo m'miyezi yotentha mackerel imabwera pafupi ndi gombe, yokoma kuotcha kuposa roach yodzadza minga. Koma ngati mukufuna kuona zimene ndafotokozazi, gulani laisensi, mupeze wakale woti akutengeni, musankhe tsiku la mitambo mvula itangogwa, ndipo musalongedze katundu dzuwa lisanalowe. Ife tagwirizana kale zobwereranso pamalo omwewo, bola maondo a madala alole.