Yankho kwa achimwene ofuna kugula minibasi ya Limbe–Blantyre

Achimwene, mwafunsa zitatu: ngati mabasi akuluakulu abwereradi mumzinda muno n'kukulandani anthu, ngati mugule minibasi ya magetsi kapena Hiace ya dizilo yochokera ku Japan, komanso ngati kontirakiti yonyamula antchito a kampani ndi yodalirika. Za mabasi akuluakulu ndinena pang'ono. Mzinda uno unakhalapo nawo nthawi ya makampani a mabasi a United Transport Malawi (UTM), Stagecoach mpaka Shire Bus Lines, ndipo akadzabwerera adzayamba ndi msewu wa Masauko Chipembere, chifukwa ndiwo wotakasuka komanso wa anthu ambiri. Basi yaikulu singakwere bwino mkati mwa Ndirande, Chilomoni, Bangwe kapena Chilobwe. Choncho pofunsira pemiti ku Road Traffic musaike mtima wonse pa haiwe. Ganizirani njira yolowa m'makomboni.

Chimene ndikufuna mumvetsetse ndi cha Hiace ya dizilo. Amene akukuuzani muno kuti "ingogulani yatsopanoko, siitulutsa utsi" sanakuuzeni chimene chimagwira utsiwo. Ma Hiace a injini ya 1KD opangidwira msika wa ku Japan amabwera ndi sefa pa ekizozi, yotchedwa DPF (a Toyota amaitcha DPR). Sefayi imakola mwaye, ndipo kuti idziyeretse imafuna kutentha kufika madigiri pafupifupi 600, zomwe zimachitika galimoto ikathamanga mosaima kwa mphindi 20 kapena 30. Tsono onani ntchito ya minibasi ya mu tauni. Kuchoka ku Limbe kufika ku Blantyre sipakwana makilomita 10, ndipo panjirapo dalaivala aima pa Chichiri, pa Ginnery Corner, pa Queens, kenako n'kukadikira anthu pa siteji injini ikulira. Sefa siipeza mpata wotentha. Kagetsi kamayamba kuphethira pa dashibodi, dalaivala wa tageti sakalabadira, mapeto ake kompyuta ya galimoto imadula mphamvu, minibasi n'kumakwawa pa chitunda anthu ali odzaza.

Vuto silithera pomwepo. Poyesa kutenthetsa sefa, injini imapopera dizilo woonjezera, ndipo ntchitoyo ikamadukizidwa kawirikawiri dizilo wina amatsikira mu oyilo. Mukasolola dipisitiki n'kuona oyilo akukwera m'malo motsika, ndipo akununkha dizilo, musayendetsenso. Sinthani oyilo tsiku lomwelo. Oyilo wake ndi wa phulusa lochepa, wolembedwa DL-1 pa chigubu. Wa m'madiramu wothira m'malole amatseka sefa ndi phulusa lomwe silipsa. Pa 1KD yang'aniraninso mawashala a mkuwa a pansi pa ma injekita: akayamba kudontha, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka kasefa ka mu sampu, injini n'kuwonongeka. Lamba wa taimingi asinthidwe pa makilomita 150,000, ndipo musakhulupirire nambala ya pa dashibodi yokha, pezani sitika kapena mapepala a sevisi.

Mafuta akasowa, musalole dalaivala kuthira dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Wina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena wolowa madzi, ndipo pampu ndi ma injekita a injini zoterezi sizikhululuka. Kugula ma injekita anayi ndi sefa yatsopano kumadya mamiliyoni a kwacha, ndalama yoti minibasi igwirire ntchito miyezi ingapo. Amakaniko ena adzakuuzani kuti aboole sefayo n'kusintha pulogalamu ya kompyuta. Galimoto imayendadi, koma utsi wakuda uja umabwerera, n'kumapumidwa ndi amayi ogulitsa malonda pa siteji ndi ana a sukulu. Zimenezo sindikulimbikitsani.

Ngati mtima uli pa dizilo, ipatseni njira yotalikirapo monga ya ku Lunzu kapena ku Chileka, ndipo phunzitsani dalaivala kuti kagetsi kaja kakayaka aime pamalo popanda udzu, adine batani la DPR, adikire mpaka kazime. Ya mu tauni mokhamokha, Hiace ya petulo ya injini ya 2TR, ya malita 2.7, ndi yosavuta. Imamwa mafuta kuposa ya dizilo, inde, koma makaniko aliyense wa ku Ndirande amaidziwa, ndipo petulo wathu amasakanizidwa kale ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chikwawa ndi ku Dwangwa. Musanaitanitse, funsani a MRA msonkho wake, chifukwa zaka za galimoto ndi kukula kwa injini zimasintha ndalama yolipira.

Ya magetsi ndi yabwino pa ntchito yoimaima, ndipo potsika zitunda imabwezera mphamvu mu batire. Koma werengani kaye. Batire la 60 kWh pa chaja ya 7 kW limafuna maola pafupifupi 9 magetsi asanazime. Chaja yofulumira imafuna magetsi amphamvu otchedwa three-phase, kutanthauza kukapempha kwa ESCOM ndi kulipira mawaya. Kumbukiraninso Januwale wa 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kwa munthu wa minibasi imodzi, usiku umodzi wopanda magetsi ndiye kuti tsiku lotsatira mulibe ndalama. Minibasi ya magetsi ikuyenera kampani yokhala ndi depoti, sola ndi katswiri wakewake wa mabatire.

Kontirakiti itengeni, koma yolembedwa. Mulembedwe kuti mukulipidwa pa ulendo kapena pa kilomita, osati pa mutu wa munthu, chifukwa shifiti ikachepa wotaya ndinu. Mulembedwenso kuti MERA ikakweza mtengo wa mafuta, mtengo wanu ukwera motsatira mwezi womwewo. Amene anasainira mtengo wosasintha kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anayamba kunyamula anthu moluza. Tchulani tsiku lolipira, masiku a chidziwitso pothetsa mgwirizano, ndi amene apeze galimoto ina yanu ikafa. Khalani ndi TPIN (nambala yanu ya msonkho ku MRA), ndipo akakudulani withholding tax (msonkho wodulidwa pa malipiro anu), choyamba kuuza akauntanti wawo n'chakuti akupatseni satifiketi yake. Inshuwalansi ikhale yoteteza okwera molingana ndi mipando yolembedwa pa COF (satifiketi yoti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), dalaivala akhale ndi PrDP (chilolezo cha dalaivala wonyamula anthu) yomwe nthawi yake siinathe, ndipo muletseni kupatsa aganyu makiyi masana akamadikira shifiti ya madzulo.