Kuyesa bomba, kuyeza cheza

Funso: Ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg. Mwana wanga akuphunzira za mabomba a nyukiliya kusukulu, ndipo ndikufuna ndizimufotokozera m'Chichewa. Kodi timati kuyesa bomba kapena kuyeza bomba? Nanga radiation ndingaitche poizoni?

Yankho: Bambo, zikomo posafuna kuti mwanayo ataye chiyankhulo cha kwathu. Mawu awiriwo ambiri timawasokoneza, koma ndi osiyana. Kuyesa n'kufuna kuona ngati chinthu chigwira ntchito. Kuyeza n'kufuna kudziwa kuchuluka kwake, monga timayezera chimanga pasikelo. Dziko la France linayesa bomba lake loyamba ku Reggane, m'chipululu cha Sahara ku Algeria, pa 13 February 1960. Koma katswiri wobwera pambuyo ndi Geiger counter, chipangizo choyezera radiation, m'manja, iyeyo ndiye akuyeza.

Za poizoni sindikuvomereza. Tikati poizoni, mwana aganiza za chinthu chomwa kapena chodya. Gamma, yomwe ndi mtundu umodzi wa radiation, imapyola m'thupi munthu ali chiimire poteropo, osaiona, osamva fungo lake, ndipo kuitchinga kumafuna mtovu kapena chikhoma chochindikala cha konkire. Mawu tili nawo kale: cheza, monga cheza cha dzuwa. Muziti cheza cha gamma.

Pali china chimene sindifuna musakanize ndi chezacho. Bomba likaphulika, maatomu a yureniyamu kapena plutonium amagawanika, n'kusiya tizidutswa monga iodine-131 ndi caesium-137. Tizidutswati timamatirira kufumbi, mphepo n'kutiuluza, mvula n'kutigwetsa pamsipu wa ng'ombe kutali ndi pomwe panaphulikira. Ine ndimati limeneli ndi phulusa la bomba. Phulusalo ndilo limatulutsa cheza, ngati momwe khala limatulutsira kutentha. Pamene phulusali lalowa mumkaka kapena m'madzi, apo pokha mawu oti poizoni akhoza kukwana. Mphamvu ya iodine-131 imatsika ndi theka pamasiku 8, pomwe ya caesium-137 imatenga zaka pafupifupi 30, n'chifukwa chake oyeza amabwererabe kumalo amene kuyesa kunatha kalekale.

Chitsanzo chapafupi mwanayo ali nacho. Mu 1993 Pulezidenti F.W. de Klerk anaulula kuti South Africa inapanga mabomba 6 n'kuwaphwasula. Ku Vastrap, m'chipululu cha Kalahari, kunakumbidwa maenje omwe anadziwika mu 1977, koma simunaphulitsidwemo bomba. Mumuuze alembe kuti anali maenje oyesera, osati oyezera.