Fayilo imodzi yowonongeka ikuimitsa pulogalamu yonse

Funso: Ndinalemba kapulogalamu ka Python kotsegula mafayilo a .gz (ofinyidwa ndi pulogalamu ya gzip) amene amabwera usiku kuchokera pa seva ina. Kakakumana ndi fayilo yowonongeka, kamalemba EOFError n'kuima pomwepo, otsalawo osawakhudza. Mnzanga akuti ndingoika "except: pass". Nditero? Ndine wongoyamba kumene.

Yankho: Mnzanuyo musamumvere. Mawu awiri amenewo amameza vuto lililonse, ngakhale limene mwalakwitsa nokha polemba pulogalamu. Kukacha mudzaona ngati zonse zayenda, chonsecho deta ina yasowa.

EOFError ikutanthauza kuti fayiloyo ndi yoduka, yathera panjira. Ine ndikukayikira kuti mukuitsegula isanamalize kufika. Pemphani otumizawo kuti aziyamba kuilemba ndi dzina lothera .tmp, n'kusintha dzinalo ikafika yonse. Inu muzingotola zothera .gz basi.

Ngakhale zitatero, zowonongeka zizibwerabe mwa apo ndi apo. Ikani try m'kati mwa loop kuti fayilo iliyonse iyesedwe payokha, ndipo mugwire mavuto atatu powatchula mayina: EOFError, zlib.error ndi gzip.BadGzipFile. Lachitatuli linabwera mu Python 3.8, ngati yanu ndi yakale, gwirani OSError. Ambiri amaphonya apa: gzip.open() payokha siona vuto, limatulukira powerenga, choncho read() nayo ikhale m'kati mwa try. Fayilo ikakanika, isunthireni mu foda yakeyake, lembani dzina lake ndi uthenga wa vutolo mu log, pulogalamu ipitirire.

Pali china chimene simunafunse koma ndi chimene chimandidetsa nkhawa. Gzip imasunga mabaiti 8 kumapeto kwenikweni: 4 a CRC32 otsimikizira kuti deta sinasinthike, 4 a kukula kwake isanafinyidwe. Ndiye kuti mutha kuwerenga mizere yambiri bwinobwino, kuwonongekako n'kudzadziwika pomaliza. Ngati mumalowetsa mzere uliwonse mu database pomwepo, theka la fayilo yoipa likhala litalowa kale. Musachite commit (lamulo losunga kotheratu zimene mwalowetsa mu database) mpaka fayilo yonse itawerengedwa.

Za mu foda ija ziyeseni ndi "gzip -t". Yang'ananinso mabaiti awiri oyamba: gzip yeniyeni imayamba ndi 1f 8b. Mukapeza <html> m'malo mwake, seva inakutumizirani tsamba lonena kuti zakanika, pulogalamu yokopera n'kulisunga ndi dzina la .gz. Imeneyo musavutike nayo, itanitsani ina.